Higgins Akadzitengele Yekha Masilipasi

Pali filimu yakale imene anthu ambili pa dziko amaigwadila. Dzina lake ndi My Fair Lady. Inatuluka mu 1964, inatenga mphoto 8 za Oscar, ndipo mpaka lelo mukaifufuza pa intaneti mupeza anthu akuitamanda kuti ndi nkhani ya chikondi yokoma kwambili. Ife taionelela yonse, maola ake pafupifupi atatu, ndipo tifuna kukamba poyela. Nyimbo zake n'zabwino, zovala zake n'zokongola, koma chikondi mulibe. Muli mwamuna wophunzila amene atola mtsikana wosauka, am'sandutsa chobetchelana ndi mnzake, am'vutitsa miyezi 6, ndipo pothela penipeni, mtsikanayo atabwelela, mwamunayo am'landila ndi funso lakuti masilipasi ake ali kuti. Ngati chikondi ndiye ichi, awe, tisiyeni tikalambe osakwatila.

Akulu anati ukaipa dziwa nyimbo. Filimu iyi nyimbo izidziwa, ndiye chifukwa chake anthu saona pamene inaipila. Ife tifuna tikuonetseni, chifukwa Higgins wa mu filimuyi tili naye mu kalasi, mu ofesi, pa Facebook, ndipo nthawi zina amakamba ndi pakamwa pathu. Koma mlandu saweluza asanaumve, ndiye tiyambe ndi nkhani yake.

Ndi mu London, kumayambililo kwa zaka za m'ma 1900. Usiku wina kukugwa mvula, apamwamba atuluka mu opera ku Covent Garden, ndipo mtsikana wina, Eliza Doolittle, ayendayenda pakati pao kugulitsa maluwa. Chizungu chake ndi cha Cockney, kakambidwe ka osauka a mu London: h amameza, mavawelo amakoka. Pambali pa chipilala paimilila mwamuna amene alemba mu kabuku mau alionse amene mtsikanayo akamba. Eliza aganiza ndi wapolisi, ayamba kulila kuti sanalakwe kanthu. Koma uyo ndi Pulofesa Henry Higgins, katswili wa katchulidwe ka mau, munthu amene akakumva chabe ukukamba akuuza dela limene unakulila. Higgins am'nyoza pa gulu, kenako adzitama kuti m'miyezi 6 angathe kum'konza pakamwa mpaka olemekezeka kum'tenga ngati mmodzi wao.

M'mawa mwake Eliza afika yekha kunyumba kwa Higgins pa Wimpole Street. Apa tigwilepo bwino: palibe amene anam'koka. Abwela ndi ndalama yake, shileni imodzi pa ola, kuti agule maphunzilo. Chimene afuna n'chaching'ono ndipo n'chomveka. Afuna nchito mu shopu ya maluwa kuti aleke kuima mu mseu, ndipo adziwa kuti ndi kakambidwe kake palibe amene angam'lembe. Iye abwela ngati kasitoma. Higgins am'landila ngati chinthu chimene watola. Mnzake, Colonel Pickering, abetcha kuti adzalipila zonse ngati Higgins akwanitsa zimene anadzitama. Kuchoka pamenepo maphunzilo a Eliza asanduka mpikisano wa amuna awili.

Onani mmene maphunzilowo ayendela. Higgins alamula kuti zovala zake azitenthe. Anchito am'sambitsa mokakamiza iye akukuwa. Am'nyengelela ndi chokoleti ngati kamwana. Am'dzaza timiyala tagalasi m'kamwa ndi kumuuza kuti awelenge, mpaka ameza kamodzi, ndipo ba Pulofesa nkhawa alibe chifukwa timiyala tina tilipo. Atate ake a Eliza, Alfred Doolittle, wotola zinyalala, afika panyumbapo. Mwina muganiza kuti abwela kudzateteza mwana wao. Iyai, abwela kudzapempha mapaundi 5, ndipo Higgins apeleka. Zonsezi filimu izisewela mwanthabwala, ndi nyimbo pamwamba, ndipo ife oonelela tiseka.

Pambuyo pake Eliza akwanitsa. Ku mpikisano wa mahachi ku Ascot atchula mau alionse bwino kwambili, koma nkhani zimene akamba ndi za kwao, ndipo hachi itathamanga aiwala zonse, aikuwila ndi mau amene akomola mai wina wolemekezeka. Ku phwando la ku embassy ndiye apambana kothelatu. Katswili wina wa zinenelo wochokela ku Hungary, Zoltan Karpathy, am'mvetsela mosamala ndi kulengeza kuti mtsikanayu si Mngelezi iyai, chifukwa Chizungu chake chayela mopitilila, ndiye ayenela kukhala wa banja lachifumu la ku Hungary.

Apa filimu ikamba zoona, ndipo tiipatse ulemu wake. Apamwamba onse aja ananamizidwa ndi katchulidwe chabe. Mtsikana ndi yemwe uja amene anam'ponda maluwa ku Covent Garden, nzelu ndi zomwe zija, mtima ndi womwe uja. Chimene chasintha ndi mavawelo ndi diresi. Ndiye kuti mpanda wonse umene unali pakati pa iwo ndi iye unali wa udzu. Vuto silinali pakamwa pa Eliza, linali m'makutu mwa omvela.

Filimu ionetsanso mtengo umene Eliza analipila. Atabwela ku phwando, Higgins ndi Pickering atamandana okhaokha, anchito nao awaombela m'manja, ndipo amene anagwila nchito yonse aimilila pakona ngati mpando. Palibe amene amuuza zikomo. Ndi usiku umenewo pamene Eliza am'genda Higgins ndi masilipasi ake ndi kum'funsa kuti manje iye adzalowela kuti. Higgins ayankha mosasamala kuti mwina angakwatiwe. Eliza amuuza kuti kale anali kugulitsa maluwa, osati thupi lake, koma manje am'panga munthu amene alibe china chogulitsa. M'bandakucha abwelela ku msika wa Covent Garden. Anzake akale ali pa moto kuotha. Am'yang'ana, am'patsa ulemu wa mlendo, ndipo sam'zindikila. Kumene anachoka kwatsekeka, kumene anam'pititsa alibeko malo. Mu filimu yonse palibe mphindi yoona kupambana imeneyi.

Kunyumba kwa amai ake a Higgins, Eliza akamba zimene zinayenela kutseka nkhani. Athokoza Pickering, amene kuyambila tsiku loyamba anam'chula Miss Doolittle ndi kum'lemekeza, ndipo afotokoza kuti chimene chinam'phunzitsa kudzilemekeza ndi mmene mkuluyo anali kum'chitila. Amuuza Higgins kuti angathe kukhala popanda iye, angathe kukwatiwa ndi Freddy, mnyamata amene am'konda, angathenso kuphunzitsa ena katchulidwe kamene waphunzila. Atuluka. Filimu ikanathela pamenepo, nkhani ino sitikanalemba.

Koma ipitilila. Higgins abwelela kunyumba ali yekha, ayatsa makina amene anajambulila mau a Eliza tsiku loyamba lija, akhala pansi kumvetsela. Eliza alowa mwakachetechete. Higgins sanyamuka, sapepesa, sam'yang'ana n'komwe. Atsamila pa mpando, agwetsela chipewa kumaso, afunsa za masilipasi. Nyimbo ikwela, filimu yatha. Ndipo tiyembekezeledwa kuti mitima yathu isungunuke. Funso lathu ndi ili: kodi Higgins wasintha chiani kuti ayenele kubweleledwa? Wazindikila chabe kuti anam'zolowela mtsikanayo. Munthu amazolowelanso mpando wake ndi kapu yake ya tiyi.

Ena adzati tisaweluze filimu yakale ndi maso a lelo, nthawi imeneyo zinthu zinali choncho. Yankho limeneli n'lofooka, chifukwa mwini nkhaniyi anakana mathelo amenewa zaka pafupifupi 50 filimu isanapangidwe. My Fair Lady inachokela ku sewelo la George Bernard Shaw lotchedwa Pygmalion, limene linaonetsedwa koyamba ku Vienna mu 1913 ndi ku London mu 1914. Dzinalo Shaw analitenga ku nthano yakale ya mmisili wa ku Cyprus amene anasema chifanizo cha mkazi, n'kuyamba kuchikonda, mpaka chinapatsidwa moyo. Shaw anafuna kuitembenuza nthanoyo: chifanizo chikakhala ndi moyo, chili ndi miyendo, chingathe kuchoka. Mu sewelo lake Eliza achoka.

Kuyambila pachiyambi anthu a zisudzo sanakondwe nazo. Herbert Beerbohm Tree, amene anasewela Higgins ku London mu 1914, anayamba kum'ponyela Eliza maluwa kumapeto kuti oonelela aganize kuti pali chikondi, ndipo Shaw anakwiya. Mu 1916 Shaw analemba nkhani yoonjezela kumapeto kwa bukulo kufotokoza chifukwa chake Eliza sangakwatiwe ndi Higgins: akwatiwa ndi Freddy ndipo atsegula shopu ya maluwa. Mu 1938 anapanga filimu ya Pygmalion, Shaw analandila Oscar chifukwa cha kalembedwe kake, koma opanga filimu anaikamo mathelo akuti Eliza abwelela. Shaw ali moyo anakana kuti Pygmalion isandutsidwe sewelo la nyimbo. Anamwalila mu 1950. Mu 1956 Alan Jay Lerner ndi Frederick Loewe anatsegula My Fair Lady pa Broadway ku New York, ndi mathelo a filimu ya 1938, ndipo inaseweledwa maulendo 2,717. Ndiye tisanamizile nthawi. Mwamuna wobadwa mu 1856 anaona kuti mtsikanayu ayenela kuchoka. Amene anam'bweza ndi ogulitsa matikiti.

Ndipo mathelo ena ndi otheka popanda kuononga nyimbo ngakhale imodzi. Mu 2018, ku Lincoln Center ku New York, Bartlett Sher anaikanso My Fair Lady pa siteji. Higgins anafunsa funso lake lomwe lija la masilipasi, Eliza anam'yang'ana, n'kutuluka kudzela pakati pa oonelela osabwelelanso. Sewelo lomwelo linapita ku London mu 2022, Eliza atasewelewa ndi Amara Okereke, mtsikana wakuda wa ku Britain. Denga silinagwe.

Manje tiyeni kuseli kwa kamela, chifukwa kumeneko nkhani ya mau inachitikanso, ndipo ulendo uno sinali sewelo. Pa Broadway, Eliza anali Julie Andrews, mtsikana wa ku England wa mau osowa. Jack Warner, amene anagula ufulu wopanga filimuyi ndi madola 5.5 miliyoni, anam'siya chifukwa anali asanadziwike m'mafilimu, natenga Audrey Hepburn amene dzina lake linali kugulitsa. Hepburn anaphunzila nyimbozo, anazijambula ndi mau ake, koma akuluakulu anaweluza kuti sanafikepo. Nyimbo zambili zimene mumva Eliza akuimba mu filimuyi ndi mau a Marni Nixon, mai wa ku America amene anaimbilanso Deborah Kerr mu The King and I ndi Natalie Wood mu West Side Story. Dzina la Nixon silinalembedwe pa filimu.

Nanga Rex Harrison, amene anasewela Higgins? Iye sanali woimba kwenikweni. Nyimbo zake anali kuzikamba motsatila kamvekedwe ka zoimbila, ndipo anakana kuzijambula padela, mpaka anam'mangilila maikolofoni yopanda waya kuti azikamba pomwepo akusewela. Mau ake anawasiya mmene analili, ndipo analandila Oscar. Hepburn sanam'ike n'komwe pa mndandanda wa opikisana, koma pa mwambo wa mu 1965 ndi iye amene anaima pa siteji kupeleka mphotoyo kwa Harrison. Julie Andrews usiku womwewo anapambana chifukwa cha Mary Poppins, ndiye chilungamo chinapezako kanjila. Koma taonani chithunzi chonse: mu filimu yokamba za mkazi amene am'landa mau ake, mkazi mmodzi anam'chotsa mau, wina anam'bisa dzina, mwamuna anakamba mmene afunila n'kupita kunyumba ndi chikho. Higgins analipo ngakhale kamela itazima.

Mwina mufunsa kuti zonsezi zitikhudza bwanji ife. Filimuyi inaonetsedwa koyamba ku New York pa 21 October 1964. Patapita masiku atatu, pa 24 October, mbendela ya Britain inatsika mu Lusaka ndipo Zambia inabadwa. Atsamunda anapita, koma khutu lao anatisiila. Mu 1966 lamulo la maphunzilo linakhazikitsa Chizungu kukhala chinenelo chophunzitsila kuyambila Grade 1. Zifukwa zake zinalipo: dziko la zinenelo zambili linafuna chimodzi chosakondela mtundu uliwonse. Sitikutsutsa makolo amene anasankha zimenezo. Koma pamodzi ndi Chizungu panalowa chinthu china chimene lamulo silinalembe, chizolowezi choyeza nzelu za munthu ndi katchulidwe kake.

Ambili a ife tikumbukila masukulu kumene kukamba "vernacular" unali mlandu. Monitor alemba dzina lako, masana usesa bwalo kapena utchetcha udzu, chifukwa chakuti wapempha pensulo m'chinenelo chimene amai ako anakuyamwitsa nacho. Amenewo anali timiyala tathu ta m'kamwa. Ndipo tinaphunzila bwino, chifukwa lelo mphunzitsi safunikanso, tichitana tokha. Wosewela mpila akagoletsa zigoli ziwili n'kukhumudwa pa Chizungu pomufunsa mafunso, vidiyo imene iyenda pa WhatsApp ndi ya Chizungucho. Munthu akalemba maganizo anzelu pa Facebook n'kuphonya mau amodzi, makomenti onse ndi a sipelo, mfundo yake yafela pomwepo. Mtsikana wa ku Kanyama ndi mtsikana wa ku Kabulonga akalowa mu intavyu ndi mapepala ofanana, tonse tidziwa kuti pali mayeso ena amene sanalembedwe, ndipo ayamba pa moni.

Anyani amasekana zikundu. Tiseka mnzathu amene wasokoneza l ndi r ngati kuti wachita chinthu chamanyazi, pamene chifukwa chake n'chodziwika: mu Chinyanja zilembo ziwilizi sizisiyanitsa mau, ndiye khutu la mwana silinaphunzile kuzilekanitsa. Ndi chimodzimodzi ndi h wa Eliza. Manje tembenuzani. Muuzeni mzungu atchule ng'ombe, muone mmene avutikila, chifukwa mu Chizungu mau sayamba ndi liwu limenelo. Muuzeni asiyanitse pala ndi phala. Muuzeni amve kusiyana kwa mtengo wa mango ndi mtengo wa pa msika, kumene ife timakumva pa kukwela ndi kutsika kwa mau osaganizilako. Adzalephela, ndipo ife tidzachita chiani? Tidzam'ombela m'manja kuti wayesa, tidzam'jambula, tidzati ndi munthu wodzichepetsa. Mzungu akaphwanya Chinyanja ndi ngwazi. Mwana wa ku Chawama amene akamba Chinyanja, Chibemba, Chitonga pang'ono ndi Chizungu akaphonya liwu limodzi ndi mbuli. Masamu amenewa anatiphunzitsa ndani?

Ndipo amene wakwanitsa mayeso a Higgins, timam'landila bwanji? Timamuti chongololo. Akabwela mu komboni ndi Chizungu chopyola m'mphuno tim'seka, akayesa Chinyanja tim'sekanso. Uyo ndi Eliza pa msika m'bandakucha, anzake osam'zindikila. Pali ana mu Lusaka amene sangathe kuceza ndi ambuye ao ochokela kumudzi, chifukwa makolo anaopa kuti Chinyanja kapena Chitonga chidzawaonongela Chizungu. Makolowo si oipa. Anaona mmene dziko lichitila ndi munthu wa katchulidwe kolakwika, ndiye anam'teteza mwana ndi njila imene anaidziwa. Koma ambuye akamwalila, nthano zao, miyambi yao ndi maina a mitengo ya mankhwala zipita nao kumanda mdzukulu ali pomwepo.

Tisadzinamizenso kuti Higgins amakamba Chizungu chokha. Alipo wa Chinyanja. Ndi uja amene akamva Chinyanja cha mu Lusaka, chosakanizika ndi Chinsenga, Chibemba ndi Chizungu, akwinya nkhope n'kuti chimenecho si chinenelo, ndi zinyalala. Alipo winanso wa mu tauni, amene akamva Chichewa cha ku Katete kapena ku Chadiza ayamba kuseka kuti wabwela wakumudzi. Onsewa ali ndi kabuku m'manja pambali pa chipilala. Kulemba bwino n'kofunika, ndipo kudziwa Chichewa chozama ndi chuma chimene tonse tiyenela kuchifunafuna. Koma chinenelo chimene anthu amagulitsila tomato ku Soweto Market, amafunsilana, amakanganila mu basi ndi kutonthozelana pa malilo, chimenecho ndi chamoyo, ndipo sichifunika chilolezo kwa munthu.

Pali mfundo ina imene Higgins adziteteza nayo mu filimu, ndipo timaimvanso kwa anthu ena kuno. Akuti iye sasankha, mwano wake ndi umodzi kwa onse, wolemela ndi wosauka. Zimveka ngati chilungamo, koma taganizani. Mai wolemela akanyozedwa ndi Higgins akwela galimoto yake, apita kunyumba kwake, mawa waiwala. Eliza akanyozedwa agona m'nyumba ya womunyozayo, adya chakudya chake, avala zovala zimene mnzake wa womunyozayo anagula. Mbama imodzimodzi siwawa mofanana kwa amene ali ndi kothawila ndi amene alibe. Bwana amene aseka Chizungu cha wanchito wake pamaso pa makasitoma n'kuti iye ndi wanthabwala chabe, adziwe kuti wanchitoyo aseka nao chifukwa lendi ikumudikila.

Ndiye kodi tikuti tileke Chizungu? Iyai, ndipo amene angatimve choncho sanatimvetse. Mayeso ali mu Chizungu, makontilakiti ali mu Chizungu, mabuku a udokotala ndi a zamalamulo ali mu Chizungu. Wokuuzani kuti musachiphunzile ndi mdani wanu. Eliza analondola kupita pa Wimpole Street ndi shileni yake, ndipo ife tikanakhala anzake tikanam'pelekeza. Anafuna chida chogwilila nchito, ndipo chida ndi chabwino. Cholakwika chinali mtengo umene anam'lipilitsa: kuti avomele kuti mmene analili anali nyansi, kuti atenthe zovala zake, kuti athokoze womunyoza. Munthu angathe kuphunzila chinenelo chachiwili, chachitatu, osasanza choyamba. Ambili a ife tachita kale zimenezo ndi zinenelo za anzathu a mu komboni, popanda pulofesa, popanda chokoleti.

Shaw mwini anali wa ku Dublin, munthu amene analowa mu London ndi katchulidwe ka ku Ireland, ndipo nkhani ya kalembedwe ndi katchulidwe ka Chizungu inam'vutitsa mpaka anasiya ndalama mu wilo yake kuti apange alifabeti yatsopano. Loewe, wopeka nyimbo, anabadwila ku Berlin. Hepburn anabadwila ku Brussels, nakulila mbali ina ku Netherlands pa nthawi ya nkhondo. London yonse imene muona mu filimuyi anaimanga mu studio ku Burbank, California. Chithunzi cha Chizungu changwilo chimene dziko linagwadila chinasonkhanitsidwa ndi anthu obwela, aliyense ndi katchulidwe kake. Ngati iwo sanachite manyazi, ife tichitilenji?

My Fair Lady ioneleleni. Sitikuuzani kuti muithawe. George Cukor anaitsogolela mwaluso, zovala za Cecil Beaton pa Ascot, zambili zakuda ndi zoyela, zidzakhala m'maso mwanu masiku angapo, ndipo Stanley Holloway, amene anasewela atate ake a Eliza, adzakusekesani olo musafune. Koma ioneleleni maso ali otseguka. Mukafika pamene anzake akale alephela kum'zindikila, imitsani pang'ono muganize za anthu amene muwadziwa. Mukafika kumapeto, musalole nyimbo ikuuzeni zimene muyenela kumva.

Ndipo mawa, mnzanu akakamba Chizungu chopunduka mu kalasi, mu gulu la WhatsApp kapena pa nchito, dzifunseni funso limodzi musanaseke: kodi ndamva zimene akutanthauza? Ngati mwamva, yankhani mfundoyo. Ngati afuna thandizo, m'thandizeni pambali, mmene Pickering akanachitila, osati pa gulu. Mwana wa mlongo wanu akakuyankhani mu Chizungu, pitilizani kukamba naye Chinyanja mpaka khutu lizolowele. Ndipo wina akakufunsani, mwa mau kapena mwa maso, kuti muchite manyazi ndi pakamwa panu kuti akulandileni, kumbukilani kuti Eliza wa Shaw anatuluka, natsegula shopu yake. Masilipasi ali pomwe anagwela. Higgins ali ndi manja.